Kukafuna Nihimo ya Agogo a Tereza ku Mongue

Ndinanyamuka kumudzi kwathu, kuseri kwa Molumbo, Lachitatu m'mawa nkhuku zitangotsika. M'chikwama munali malaya awiri, chinangwa chophika, ndi pepala la ubatizo la malemu agogo anga a Tereza, limene amayi analikulunga m'mapulasitiki awiri a shuga. Achemwali anga a Filomena anandiperekeza mpaka pamlatho wa mitengo. Pobwerera anangoti, "Jasinto, ukakafika kwa anthu usakayang'ane pansi. Munthu wolankhula ndi zala zake za kumapazi samveka." Ndinavomera, ndikuyang'ana pansi.

Ndiyambe ndafotokoza chimene chinandiyendetsa, kuti owerenga asandiyese woyendayenda chabe. A Filomena anali pa chitomero ndi a Armando, ndipo Lamulungu la sabata imeneyo katekista anayenera kulengeza maina awo m'tchalitchi koyamba. Kwathu kuno timalankhula Chinyanja, koma ambirife ndife Alomwe, ndipo munthu aliyense ali ndi nihimo, ndiye kuti fuko limene amatengera kwa amayi ake. Anthu a nihimo imodzi ndi pachibale ngakhale atabadwira kutali, ndipo sakwatirana. Ife tinkadziwa kuti ndife a Laponi, chifukwa agogo a Tereza ankatero. A Armando ndi a Mirasi. Choncho panalibe chovuta.

Chovuta chinabwera tsiku limene katekista anaitanitsa mapepala a ubatizo. Amayi sadziwa kuwerenga, ndiye anatenga mtolo wonse wa mapepala a m'nyumba. Amalume awo a Armando, a Shaviye, anali pomwepo, ndipo anatola pepala la agogo a Tereza n'kuliwerenga. Bambo: Bernardo Nampuluma. Mayi: Rozalina. A Shaviye makolo awo anachokera ku Mongue, ndipo maina amenewa anali atawamvapo.

"Nampuluma uyu si sipayi uja?" anafunsa. "Mkazi wake Rozalina anali wa Mirasi, mbumba yathu yeniyeni. Ngati a Tereza anabadwa kwa ameneyu, nonsenu ndinu a Mirasi. Armando sangakwatire mlongo wake."

"Amayi anga ankati ndife a Laponi," anatero amayi.

"Amayi anu ankatero, koma padiri, wansembe wowabatiza, analemba zina. Ine nditsata zolembedwa."

Katekista anati popanda umboni sadzalengeza kanthu. Amalume athu, amene nkhani zotere n'zawo, ali ku Joni. Motero maso onse anagwera pa ine, chifukwa ndinamaliza kalasi yachisanu ndi chiwiri pasukulu ya m'mudzi, ndipo Chipwitikizi ndimawerenga ndithu, pang'onopang'ono, ndi chala.

Za a Nampuluma ndinkadziwa zochepa. Anali sipayi, msilikali wachikuda wa boma la Apwitikizi, wa aja otolera msonkho. Kunyumba tinkawatchula monyadira pang'ono, poti ankavala nsapato pamene anthu onse ankayenda pansi.

Ndinayenda maola awiri kukafika pa Molumbo. Galimoto yonyamula anthu, imene timaitcha shapa, inali kalole kosatseka kumbuyo. Kobrador, wotolera ndalama, anati ku Milange ndi mametikali mazana atatu ndi makumi asanu, ndipo anandiloza thumba la nandolo kuti ndiwo mpando wanga. Tinadikira mpaka dzuwa litakwera ndithu, chifukwa shapa siyendera wotchi, imayendera kudzaza. Itadzaza anakwezanso anthu asanu ndi njinga ziwiri.

Pafupi nane panakhala bambo wina wa chipewa cha mlaza, atapanira tambala m'khwapa.

"Ulendo wa kuti, mphwanga?"

"Ndikukafuna agogo, bambo."

"Akudwala?"

"Anamwalira kalekale."

"Ndiye sathawa amenewo. Kobrador, umuuze woyendetsa asathamange, mnyamatayu alibe changu!"

Anthu anaseka, ine ndinaseka nawo kuti asandione ngati wokwiya. Woyendetsa sakanathamanga ngakhale atafuna. Msewu ndi wafumbi, wa mayenje oti mbuzi n'kubisalamo, ndipo tisanafike theka la ulendo tonse tinali tafiira mofanana, tambala yemwe. Masana tayala linaphulika pa kamudzi kena. Tinatsika n'kukhala pansi pa mtengo wa mango. Ndinatulutsa chinangwa n'kugawira bambo uja, iye anandigulira nthochi zitatu. Ndinamufotokozera nkhani yonse, mwina chifukwa ndinkadziwa kuti sitidzaonananso. Anangopukusa mutu n'kunena kuti mchemwali wake ukwati wake unatha choncho, ndipo mpaka lero sanakwatiwenso. Nthochi yachitatu ndinalephera kuimaliza.

Tinafika pa Milange cha m'ma 3 koloko. Aka kanali kachiwiri kufika m'tauniyi, koma ndinaimabe kukamwa yasa. Phiri la Tumbine lili pamwamba pa nyumba ngati likusuzumira m'miphika ya anthu. Njinga zonyamula matumba atatuatatu zinali pamzere kulowera kumalire a Muloza, eni ake akuzikankha thukuta lili kamukamu. Anyamata osintha ndalama ankakuwa za kwacha ndi metikali, ndipo mmodzi ananditcha bwana, chinthu chimene sichinandichitikirepo. Ndinakagona kwa msuweni wanga wogulitsa buledi pamsika. Anandipatsa buledi wotsala ndi tiyi, ndipo anandilongosolera njira ya ku mishoni yakale kumene kumasungidwa mabuku a ubatizo a nthawi ya atsamunda.

Lachinayi ndinalawirira. Njira yonse ndinkabwereza chiganizo cha Chipwitikizi chimene ndinachikonza bwino, chopempha kuona buku. Nditafika pakhomo la ofesi ndinapezamo mayi wachikulire wa magalasi omangirira chingwe. Ndinati "Bom diya," ndipo mawu ena onse anathawa. Mayiyo anandiyang'ana pamwamba pa magalasi.

"Lankhula Chinyanja, mwanawe, mabukuwa ndiwo Apwitikizi, ine ayi."

Ndinapereka pepala lija ndi manja awiri. Analowa m'kachipinda n'kutuluka ndi buku lalikulu lonunkha nkhungu, m'mphepete mwake chiswe chitalawapo. Apa ndiulule kulakwitsa kwanga. Ine ndinachoka kumudzi ndikukhulupirira kuti pepala laling'ono ndilo linalakwika pokopera, ndipo buku lalikulu likanena dzina la mayi wina. Kusukulu tinaphunzira kuti buku la aphunzitsi ndilo limakonza kope la mwana. Sindinaganizeko njira ina.

Mayi uja anatsitsa chala pa tsamba n'kuima. Tereza. Bambo Bernardo Nampuluma, sipayi. Mayi Rozalina. Zofanana ndendende.

Ndinakhala pabenchi osauzidwa. Ndinaona nkhope ya achemwali anga pamlatho paja, ndipo ndinayamba kukonza mawu okawauzira. Ndinathokoza mayi uja n'kutambasula dzanja kuti nditenge pepala langa.

"Dikira," anatero. "Unaphunzira kuwerenga mzere umodzi wokha? Werenga pamwambapa."

Ndinawerenga ndi chala. Pamwamba pa dzina la agogo panali ubatizo wa a Bernardo eni ake, kenako wa a Rozalina. Onse atatu tsiku limodzi. Pambali pa dzina la a Bernardo panalembedwa kuti anamanga ukwati ndi a Rozalina tsiku lomwelo. Pa dzina la agogo panali mawu akuti mwana wa zaka ngati zinayi.

"Masiku amenewo," anatero mayiyo akupukuta magalasi, "mwamuna wa mitala akafuna ubatizo ankauzidwa kuti asankhe mkazi mmodzi. Ankabwera ndi amene wamusankhayo. Ana amene wabwera nawo ankalembedwa pa mkazi amene waima pamenepo. Padiri sankafunsa kuti anayamwa bere la yani. Sindikunena kuti ndi zimene zinachitika kwa agogo ako. Ndikungokuuza zimene ndaona m'mabuku muno."

Anatsegula masamba ena kutsogolo ndipo anapeza mwana wina wa a Bernardo ndi a Rozalina, wobatizidwa ali wakhanda, dzina lake Dumingu, wa ku Mongue.

"Ngati ali moyo, ameneyu ndiye buku lako. Koma fulumira, mabuku otere sachedwa kutsekedwa."

Ku Mongue sindinafikeko chibadwire, ndipo kunyumba sanandiuze kuti ndikafike kumeneko. Ndinaima panja pa ofesi kanthawi. Kenako ndinaganiza kuti kubwerera ndi dzina la a Rozalina lokha n'chimodzimodzi kusayenda. Ndinapita pamalo oimikira njinga zamoto, zimene kuno timati mota. Mwini mota wina anati mametikali mazana atatu. Ndinavomera nthawi yomweyo. Anandiyang'ana, n'kuyang'ana anzake, kenako anati, "Iwe, sudziwa kunenerera? Upereka mazana awiri ndi makumi asanu. Ndikakubera wotere Mulungu andilanga." Tinadutsa minda ya nandolo ndi ya chinangwa, timilatho ta matabwa ogwedera, ndi amayi osenza mitolo amene ankapatukira kutchire tikamadutsa. Ndinagwira chitsulo cha kumbuyo mpaka zala zinachita dzanzi, poopa kugwira malaya a munthu wosamudziwa.

Pa Mongue tinafika dzuwa lili pamutu. Msika wake ndi wa timisasa ta udzu. Ndinazungulira kawiri ndisanalimbe mtima kufunsa munthu. Pomaliza ndinasankha nkhalamba ina yogulitsa fodya wopota, poganiza kuti ingadziwe zakale. Ndinagwada, ndinapereka moni, ndipo ndinafunsa za banja la a Nampuluma.

Nkhalambayo inasiya kudula fodya.

"Nampuluma sipayi?"

"Eya, agogo."

Inatambasula manja ake awiri, zikhatho kumwamba, n'kupinda zala. "Bambo anga anamwalira manja ali chonchi. Khasu ankaligwira ndi m'mikono. Mbalamatodya ya Nampuluma imeneyo, chifukwa cha msonkho wa chaka chimodzi." Mbalamatodya ndi thabwa lobowolabowola limene asipayi ankamenyera anthu m'zikhatho. Ndinali nditangolimva dzina. "Nanga iwe ndiwe ndani wake?"

Ndikanatha kunena kuti ndatumidwa. Mawuwo anafika pakamwa ndithu. Koma ndinali nditayenda ulendo wonsewu kukafuna zoona, ndiye ndinati, "Ndine chidzukulu chawo, agogo."

Anthu awiri amene ankagula fodya anatembenuka. Nkhalamba ija inandiyang'ana nthawi yaitali, kuyambira kumutu mpaka ku mapatapata anga ofiira ndi fumbi.

"Iwe sunamenye munthu," inatero. "Pita kuseri kwa chigayo, ukafunse Dumingu wokonza njinga. Ameneyonso sanamenye munthu, koma wakhala akulipira moyo wake wonse."

A Dumingu ndinawapeza pansi pa mtengo wa mbawa, ali ndi beseni la madzi akufufuza pobooka pa chubu. Anali aatali, owonda, tsitsi lonse loyera. Nditangonena kuti ndine wachibale wochokera ku Molumbo, anayankha osadzutsa mutu.

"Munda ndilibe. Umene ulipo ndi wa akazi anga. Achibale a ku Molumbo, a ku Mulanje, onse amatulukira nandolo akacha."

"Sindinabwerere munda, agogo. Ndine mdzukulu wa a Tereza."

Chubu chinagwera m'madzi. Anapukuta manja pa buluku, n'kulandira pepala lija. Sanaliwerenge, anangoligwira.

"Tereza ali kuti?"

"Anamwalira, agogo. Papita zaka zisanu."

Iwo ndi agogo anasiyana nthawi ya nkhondo, pamene aliyense anathawira kwake, ndipo sanamvanenso. Ine ndinali ndisanaganize kuti ndikubweretsa uthenga wa maliro. Anadzuka n'kupita kuseri kwa nyumba, ndipo anakhalako kanthawi. Akazi awo, mayi wamfupi wolankhula mofulumira, anandiyalira mphasa n'kundipatsa madzi ndi mbale ya kalongonda, nyemba zija zoledzeretsa zikapanda kupsa. Anati ndidye ndisaope, anamuphika tsiku lonse ndi kutaya madzi kokwanira, saledzeretsa.

A Dumingu atabwerera ndinawafotokozera za a Filomena, za a Shaviye ndi za Lamulungu. Ndinafunsa mwaulemu ngati agogo a Tereza anabadwa kwa a Rozalina.

"Pepala lanena," anayankha. "Anali mlongo wanga. Amayi anga anali amayi ake." Anatola chubu chawo n'kupitiriza ntchito. Akazi awo anatsonya mokweza. Tsiku limenelo nkhani inathera pomwepo, ndipo anandipatsa malo ogona m'kanyumba kosungiramo zitsulo za njinga.

Lachisanu m'mawa ndinasesa pansi pa mbawa paja ndipo ndinayamba kuwapopera matayala. Sindinkadziwa poyambira. Anandiyambira ndi akazi awo, amene anabwera ndi mbatata yootcha n'kuiika pansi mwamphamvu.

"Inu a Dumingu, mwanayu wachokera kutali. Mukusunga chiyani? Nkhani si mbewu kuti mudzabzala chaka chamawa."

"Khala chete, iwe. Ndinalumbira kwa amayi."

"Munalumbira muli ndi mamina m'mphuno! Amene munawalumbirira anapita, amene munkamuteteza wapita. Mwatsala inu ndi machubu anu."

A Dumingu anatembenukira kwa ine. Anati ali mwana anakangana ndi agogo a Tereza polimbirana chimanga chokazinga, ndipo anawanena mawu amene anawamva kwa anthu, akuti iwe si wa m'nyumba muno. A Rozalina anawakwapula, chinthu chimene sanachitepo, kenako anawalumbiritsa kuti mawu amenewo asadzatulukenso pakamwa pawo mpaka kufa. "Ndasunga zaka zonsezi. Lero ubwere iwe, wa dzulodzuloli, undimasule?"

Ndinaika pampu pansi, ndipo mawu amene ndinanena ndikuwakumbukira bwino chifukwa sindinalankhulepo motalika chotero kwa munthu wamkulu.

"Agogo, pepani ngati ndikulakwa. A Rozalina anakulumbiritsani kuti a Tereza asalire. Ndikuganiza kuti sanafune kuti mwana wa m'nyumba mwawo achotsedwe pamalo pake chifukwa cha kubadwa. Tsopano amene akulira ndi mdzukulu wa a Tereza, ndipo akuchotsedwa pamalo pake chifukwa cha kubadwa komweko. Mukakhala chete, lumbiro lija lipweteka munthu amene linayenera kumuteteza. Ngati a Tereza analidi a Mirasi, ndiuzeni, ndikanena zomwezo kunyumba ngakhale zikawawe. Sindinabwere kudzapempha bodza."

Kuchigayo injini inali itayamba kulira. A Dumingu anamenya mbatata, n'kuisiya osadya.

"Dzina lawo linali a Nasiwela," anatero. "Mkazi woyamba wa bambo. Wa Laponi."

Nkhani yake inali yotere. Mzungu wa paboma anafuna kuti asipayi ake akhale obatizidwa, a mkazi mmodzi, kuti awapatse nyumba pafupi ndi ofesi. A Nampuluma anali ndi akazi awiri. Anasankha a Rozalina, amene anali wamng'ono ndipo ankadziwa mapemphero. A Nasiwela anauzidwa kuti abwerere kwawo. Mwa mwambo wathu mwana amapita ndi amayi ake, chifukwa ndi wa mbumba ya kuchikazi. Koma a Nampuluma anakaniza mwanayo, ndipo abale a a Nasiwela atabwera kudzamutenga anawaonetsa pepala la padiri ndi mbalamatodya. Panalibe wotsutsana ndi sipayi.

"A Nasiwela ankabwera nthawi yothyola nandolo," anapitiriza a Dumingu. "Ankaima kumapeto kwa munda, osafika pakhomo. Amayi ankatuma Tereza kuti akawapatse madzi, akuwatchula kuti azakhali, ndipo ankamuuza kuti asafulumire kubwerera. Bambo sankadziwa. Kumeneko ndiko Tereza anamva nihimo yake. Chaka china sanabwere. Tinamva kuti anawoloka Ruo kukathyola tiyi ku Mulanje. Basi."

Ndinatulutsa foni imene msuweni wanga anandibwereka, ndipo ndinapempha kuti abwereze mawuwo ndiwajambule, akamve a Shaviye.

"Chotsa chimenecho. Mawu a m'foni alibe nkhope. Akati wanyengerera nkhalamba ya pamsika ndi fodya." Anaimirira n'kuyang'ana akazi awo. "Jekete langa lija lili kuti?"

"Limene munakwatira nalo? Mbewa zinamangamo mudzi."

"Zisamuke. Ndikupita kukaona manda a mlongo wanga."

Tinanyamuka masana pa mota imodzi, a Dumingu pakati, ine kumbuyo, jekete likununkha utsi. Njira yonse ankalangiza woyendetsa kuti tcheni chake chauma ndipo sadziwa kusamala chuma. Pa Milange tinagona kwa msuweni uja. Loweruka m'mawa kobrador wa shapa ya ku Molumbo ataona imvi zawo anawapatsa malo kutsogolo, ine ndinabwerera pa matumba, ulendo uno a feteleza. Tikaima paliponse ankatulutsa mutu pawindo n'kukuwa kuti, "Mdzukulu, ulipo?" ndipo anthu onse a kumbuyo ankayankha m'malo mwanga kuti alipo. Pa Molumbo ndinawakweza pa njinga ya kabaza, ine ndikutsatira wapansi, mwina ndikuthamanga.

Tinafika kumudzi dzuwa litapendeka. Amayi anatuluka m'nyumba, ndipo a Dumingu atawaona anaima chilili. "Mphumi wa Tereza," anatero. Amayi anagwada n'kuwatcha amalume, ndipo onse awiri analira. Koma nthawi inali yochepa. Ndinathamanga kukaitana a Shaviye ndi katekista.

Tinakhala pabwalo la nyumba yathu. A Filomena anakhala kukhomo la khitchini, a Armando anaima patali kuseri kwa nkhokwe ngati akuyang'ana chiswe. A Dumingu sanayambe ndi nkhani yathu. Anayamba kufunsa a Shaviye za amayi awo, za agogo awo, ndi mudzi umene anachokera ku Mongue, mwina m'Chinyanja mwina m'Chilomwe. Anapezana pa mayi wina amene onse ankamudziwa, ndipo a Shaviye anadzuka n'kuwagwiranso chanza kachiwiri, akuwatcha achimwene.

"Tsono achimwene," anatero a Dumingu, "ine ndine wa Mirasi ngati inu. Ndine mwana wa Rozalina wobadwa m'mimba mwake. Armando ndi mphwanga ngakhale sindinamuonepo. Mtsikanayu akanakhala magazi a amayi anga, woyamba kukana ukwatiwu ndikanakhala ine." Kenako anafotokoza za a Nasiwela, zonse, osabisa za bambo awo.

A Shaviye anamvetsera atagwira chibwano. "Nanga padiri analemberanji Rozalina?"

"Analemba amene anamuona. Inu mukadakhala padiri, mzungu, sipayi wakubweretserani mkazi ndi mwana, mukadafunsa?"

"Koma pepala..."

"Pepalalo ndilo bambo anga anaopsezera eni mwana. Mukufuna ligwirenso ntchito yomweyo kachiwiri?"

A Shaviye anachotsa dzanja pachibwano. Anayang'ana amayi, anayang'ana katekista, kenako anaitana. "Armando! Tuluka kuseri kwa nkhokweko, chiswe sichikutha lero. Bwera upereke moni kwa amalume ako." Anatembenukira kwa katekista n'kunena kuti kumbali ya a Mirasi kulibe mawu.

Achemwali anga analowa m'khitchini mofulumira, ndipo tinangomva mapoto akugundana popanda chophikidwa. Amayi sanasekerere nthawi yomweyo. Anafunsa a Dumingu kuti abwereze dzina lija. "Nasiwela," anatero a Dumingu. Amayi analitchula kawiri motsitsa, ngati akulawa mchere m'ndiwo, kenako anafunsa ngati alipo akudziwa pamene anaikidwa. Panalibe.

Lamulungu tchalitchi chinadzaza, chifukwa nkhani inali itamveka mudzi wonse. Katekista anawerenga maina a Armando ndi Filomena, n'kufunsa ngati pali wodziwa choletsa. A Shaviye anatsokomola. Mitu yonse inatembenuka. Iwo anakweza dzanja n'kunena kuti, "N'chifuwa chabe, pitirizani." Anthu anaseka mpaka katekista anachita kugogoda patebulo.

Tikuweruka ndinaperekeza a Dumingu ndi amayi kumanda a agogo a Tereza. Ine ndinaima pamsewu kuti alankhule okha. Ndili pomwepo ndinaganiza za ulendo wanga. Ndinapita kukafufuza munthu amene dzina lake lili m'buku, wa udindo, wodziwika mpaka pamsika wa Mongue, ndipo zimene ndinamva za iye sizinandisangalatse. Amene anapulumutsa ukwati wa achemwali anga ndi mayi amene sanalembedwe paliponse. Buku limasunga amene analowa m'tchalitchi tsiku limenelo. Amene anatsala panja amasungidwa ndi anthu, ndipo wosunga a Nasiwela anali atatsala mmodzi yekha, wa zaka zoposa makumi asanu ndi awiri, wokwera njinga m'misewu yoipa. Tsopano tilipo asanu ndi awiri amene tinamva dzinali pabwalo paja, ndipo ndi inu amene mwawerenga tachulukirapo.